Ndodo Yomwe Ndidaiveka Nsapato

Adandilanda sikola ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kutatsala miyezi iwiri kuti ndilembe mayeso a kwarta kalasi, omalizira kalasi yachinayi. Adandilanda mudzi wa amayi anga, ndi mango ake, ndi manda ake. Pomalizira, nditakalamba kale, adandilanda zaka zoyamba za ntchito yanga. Pa pepala la reforma, la ndalama zopumira pantchito, adalemba kuti ndidayamba ntchito ya chipatala nkhondo itatha, ngati kuti anthu onse amene ndidawaimika pa nthawi ya nkhondo adadziimika okha. Inu ana anga mwandivutitsa mokwanira. Makamaka iwe Jasinta, ukangotsika basi kuchokera ku Tete mawu ako ndi omwewo: "Ababa, pezani mboni imodzi yokha, nkhaniyi itha." Mboniyo idalipo. Ndikulemba kuti mudziwe kumene idapita, ndipo mukawerenga musandifunsenso.

Chaka chomwe adatitsekera m'waya

Za ubwana sindinena, ndidaweta mbuzi ngati wina aliyense. Nkhondo itafika kuno ku chigawo cha Tete, tropa, ndiwo asilikali a Chipwitikizi, adatentha midzi yathu ya chakuno ku Mwaladzi n'kutiunjika malo amodzi ozunguliridwa ndi waya waminga, kuti tisamadyetse anyamata a m'tchire amene ankamenyana nawo. Iwo malowo ankati aldeamentu. Ife tinkangoti m'waya. Sikola ya mishoni idatsekedwa sabata lomwelo, mphunzitsi adathawira ku Zambia, ine ndidatsala ndi buku limodzi la masamu ndi mkwiyo wosadziwa kopita nawo. Ndinkayankha aliyense. Wamkulu akandilankhula mawu amodzi ndinkamubwezera anayi. Amalume adaona kuti mnyamata wotere amathera mu milisiya, gulu la anthu akuda othandiza tropa, kapena m'tchire, ndipo konseko maliro ake salirika. Adandikoka pamkono mpaka ku positu, kachipatala ka zipinda ziwiri komwe kadali pafupi ndi chipata.

Mkulu wa positu adali enfermeru wina, ndiye kuti namwino, wa ku Tete, a Kusitodiyo, munthu wa malaya oyera ndi Chichewa chothyokathyoka. Adandiyang'ana ngati akugula bulu.

"Amatha kuwerenga?"

"Amatha," adatero amalume, "koma pakamwa pake m'powola."

"Pakamwa sindikupafuna. Ndikufuna msana."

Adandilemba userventi, ntchito yapansi pa zonse, n'kunditumiza kuseri kwa positu. Kumeneko kudali chisakasa cha udzu, benchi yopalira matabwa, ndi nsungwi ziwiri zazitali zokhomedwa pa mitengo moyang'anizana, zofika m'chiuno. Mwini chisakasa adali a Mestiri Mbewe, mmisiri wakale wa ku mishoni, wamfupi, waimvi, pensulo kukhutu nthawi zonse. Kale ankapanga mabenchi a tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Sisitere wina ndiye adawaphunzitsa kupanga ndodo za m'khwapa, zomwe Apwitikizi amati muleta, za ana opuwala miyendo. Nkhondo itabwera luso laling'onolo lidakhala ntchito yawo yonse.

"Ndiwe wophunzira uja?" adandifunsa osasiya kupala. "Manja akowa adagwirapo chiyani kupatula choko, Pulofesolo?"

"Adagwirapo makosi a anthu olankhulitsa."

"Zabwino. Uyambe ndi khosi la msomali uwu. Uwongole."

Adandikankhira chitini chodzaza misomali yopindika, yozulidwa m'mabokosi a chakudya cha tropa. Mwezi wathunthu ntchito yanga idali imeneyo, kuwongola misomali pamwala ndi kutaya mitsuko ya odwala. Dzina langa la Atanaziyo sadalitchulepo. Ndidali Pulofesolo kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku lomaliza.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu m'waya

Mabomba okwiriridwa pansi tinkawatcha mina. Adali m'misewu, m'njira za kumunda, pamadooko. Wotchera sankalemba dzina, ndipo wopondayo nthawi zambiri adali mayi wopita kukakumba chinangwa chake chakale chifukwa m'waya mudali njala. Wopulumuka ankamutengera ku Tete, kumeneko ankadula, pakapita milungu ankamubweza pa kamiyawu, galimoto yaikulu ya tropa, ali ndi mwendo umodzi ndi chitsa chokulungidwa m'nsalu. A Kusitodiyo ankaona bala, likauma ankati, "Ndamaliza, pitani kuseri." Kuseriko ndife.

Musaganize kuti ntchito yathu idali ya matabwa okha. Munthu woduka mwendo amakonda kugona atapinda bondo, chifukwa ululu umachepa. Akatero milungu ingapo bondolo limauma lopindika, ndipo sadzavalanso mwendo wa mtengo mpaka kufa. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkawagoneka chafufumimba pamphasa, kuwaika thumba la mchenga, kuwongola bondo pang'onopang'ono iwo akundilalatira. Ndinkasisita chitsa ndi mafuta a nsatsi, kuchimenyamenya ndi zala kuti chizolowere kukhudzidwa, kenako kuchimanga mwamphamvu kuyambira kunsonga kuti chisongoke. Nsalu zomangira zidatha chaka choyamba chomwe, tinkang'amba matumba a ufa n'kuwawiritsa. Akalimba tinkawaimika pakati pa nsungwi zija. Munthu wamkulu, wa ana asanu ndi awiri, ankanjenjemera pamenepo ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, ine ndili kumbuyo nditagwira lamba wake. Ena ankalira kuti phazi lomwe kulibe likuyabwa. Poyamba ndinkawauza kuti asiye misala. A Mestiri ankangogwada, kufunsa kuti payabwa pati, n'kukanda phazi linalo pamalo omwewo. Nthawi zina zinkathandiza. Sindidziwa chifukwa chake mpaka lero.

Kuyeza kwathu kudali kwa luzi. Tepi tidalibe. Tinkatenga luzi, kuliika zala zitatu pansi pa khwapa, kulitsitsa mpaka pansi, n'kumanga mfundo. Mfundo yachiwiri idali pamene pafika dzanja, poika chogwirira. Aliyense adali ndi luzi lake lopachikidwa pamsomali, ndipo a Mestiri ankawadziwa onse pamtima. Ine ndinkadana ndi kuchedwa kwawo. Ndodo imodzi ankaipala, kuiyang'ana ndi diso limodzi, kuipalanso, anthu ali pamzere panja. Ndinkati, "A Mestiri, kodi ndi mkwatibwi ameneyo?" Iwo ankati, "Munthuyu adzagona nayo zaka zambiri kuposa mkazi wake. Khala chete upale."

Pansi pa ndodo iliyonse ankakhomapo kachidutswa ka mpira kozungulira, kuti isaterere. Tinkati nsapato. Chaka chachiwiri mpira udatha. Padali bambo wina, a Filipo, amene ankandiumiriza tsiku ndi tsiku kuti ndiwapatse ndodo zawo, atopa kukwawa pamaso pa apongozi. A Mestiri adati adikire mpira upezeke. Tsiku lina iwo atapita kukadula mitengo, a Filipo adabweranso, ndipo ine, chifukwa chotopa ndi kudandaula kwawo, ndidawaponyera ndodozo zopanda nsapato. "Tengani, mundisiye." Patapita masiku awiri adaterereka pamwala wonyowa wa pachitsime, n'kugwera pachitsa cha mwendo wawo. Chidaphulika ngati papaya lakupsa. A Mestiri sadandimenye, sadandikalipire. Adangouza a Kusitodiyo kuti bala limenelo azitsuka Pulofesolo yekha. Ndidalitsuka masiku makumi awiri, likununkha kuposa dzulo, mpaka a Filipo adamwalira. Bokosi lawo tidakhoma tonse awiri. Tikukhoma a Mestiri adati, "Kuyambira lero ndodo yosavala nsapato situluka m'manja mwako. Wamva?" Ndidati ndamva. Ndi lamulo lokhalo lomwe ndidalimvera m'moyo wanga, ndipo mudzaona chimene lidachita.

Mpira adatipatsa ndi sajento wa tropa, mzungu wachinyamata wofiira nkhope amene tinkamutcha Kafodya chifukwa ndudu sinkachoka pakamwa pake. Kamiyawu yawo ina idaponda mina, ndipo iye adalamula kuti gudumu limodzi aligubuduzire kuchisakasa chathu. Lidali ndi mizere yozama yolukana ngati minga ya nsomba, yosiyana ndi magudumu ena onse omwe tidawaona. Kafodya ankanyadira mphatso yakeyo. Ankabwera kudzaima pakhomo, kuona mayi akuyenda pakati pa nsungwi, n'kumati, "Bom, bom." Tsiku lina adabweretsa bulangete loti tizidulira zotsamira za m'khwapa. Ndikulemba zimenezi chifukwa n'zoona, osati chifukwa ndamukhululukira.

Pofika chaka chachitatu ndinkapanga ndodo ndekha. Panali kusiyana kumodzi kokha pakati pa ntchito yanga ndi ya a Mestiri. Ine ndine wamanzere. Msomali ukabowola thabwa, nsonga yake timaipinda kuti isabaye munthu. Iwo ankapindira kumanja, ine kumanzere. Palibe amene ankaona zimenezo kupatula ife awiri.

Chaka chachinayi, nthawi yokolola

Kutuluka m'waya kunkafuna kapepala ka chilolezo, ndipo dzuwa likapendeka aliyense ankayenera kukhala atabwerera. Ine ndinkatuluka kawiri pa sabata kukadula mitengo ya ndodo kumtsinje. Tsiku lina masana, ndikusadza nthambi, adatulukira mayi Naphiri atasenza mtolo wa nkhuni. Adali a m'mudzi mwathu wakale, anzawo a amayi anga. Mwana wawo Yohane ndidakhala naye benchi imodzi ku sikola zaka zinayi. Chaka chomwe adatitsekera iye adalowa m'tchire, ndipo dzina lake silinkatchulidwa m'waya. Mayiwo adatula nkhuni, adayang'ana uku ndi uku, n'kundifumbatitsa kanthu. Lidali luzi la mfundo ziwiri.

"Wakuphunzitsani kuyeza chonchi ndani?" ndidafunsa.

"Ndakhala ndikuima pachisakasa chanu miyezi iwiri. Unkayesa ndimabwera kudzaona nkhope yako?"

"N'la yani?"

"Ukudziwa. Adamudula pansi pa bondo, anzake omwe, ndi mpeni. Bala lidapola. Koma mwezi wachisanu uno akukwawa ngati buluzi, ndipo anzakewo akasamuka amachita kumubereka. Tsiku lina adzatopa naye."

"Mayi, mukufuna kundiphetsa?"

"Ndikufuna mwana wanga aime. Ngati sufuna, bweza luzi langa, ndipo sudandione."

Sindidabweze. Musandiyese ngwazi. Za ufulu ndinkazimva ngati mmene umamvera mvula ya kutsidya. Ndidavomera chifukwa Yohane ankandiuzira mayankho a masamu, komanso chifukwa ndidali ndi mkwiyo, ndipo aka kadali koyamba kuti mkwiyowo upeze ntchito. Ndidapanga ndodo imodzi yokha, chifukwa ziwiri zikadaoneka. Ndinkapala a Mestiri akapita kukadya kapena Lamulungu ali kutchalitchi. Sindidailumikize. Ndidatulutsa zidutswa zake chimodzichimodzi m'kati mwa mipini ya makasu, n'kukazikhoma kumtsinje kuja, pansi pa mtengo wa mkuyu.

Nditamaliza ndidatulutsa m'thumba kachidutswa ka mpira komwe ndidadula pa gudumu la Kafodya. Apa ndiye mumvetsetse. Ganizo lidandifikira kuti mpira wa mizere imeneyi ulipo malo amodzi okha m'dziko lonse lino. Lidafika ndithu, sindinama. Ndidayesa kuutembenuza kuti mizere ikhale m'kati, koma mbali inayo idali yosalala ngati sopo. Ndidayang'ana kumapiri komwe Yohane ankabisala, miyala yokhayokha, ndipo ndidamva fungo la bala la a Filipo ngati ali pambali panga. Ndidati ndani adzagwada m'tchire kuwerenga mizere ya mpira? Ndidaikhoma nsapatoyo ndi misomali itatu, mizere ili kunja. Idali ndodo yabwino kuposa zonse zomwe ndidapangapo. Mayi Naphiri adailowetsa m'mtolo wa mapesi n'kupita osatembenuka.

Mawa lake a Mestiri adaima nthawi yaitali pa gudumu lija, akusisita pomwe ndidadula.

"Mpira wathu ukudyedwa ndi makoswe, Pulofesolo."

"Makoswe achuluka chaka chino."

"Khoswe ameneyu ali ndi mpeni. Ukamuona umuuze aphunzire kudula mowongoka, akutiwonongera."

Adabwerera kubenchi yawo. Ine ndidaganiza kuti nkhani yatha.

Chaka chomwecho, mvula yoyamba

Chilimwe chonse nthaka idali youma, siinkasunga phazi la munthu. Mvula itagwa idayamba kusunga. Tidamva pambuyo pake kuti wamilisiya wina wodziwa kulondola mapazi adapeza padooko phazi limodzi lamanja, pambali pake kachidindo kozungulira ka minga ya nsomba, kenako phazi, kenako kachidindo, mpaka kukwera phiri. Mwana wa zaka zisanu akadatha kulondola. Tropa adalondola.

Lidali Lachiwiri m'mawa. Ndidali nditagwada ndikumanga chitsa cha mayi wina, a Rozaliya, pamene Kafodya adalowa ndi asilikali atatu ndi womasulira. Ndudu idalibe pakamwa. Adaponya ndodo pabenchi. Ndidaizindikira isadagwe n'komwe. Pa chotsamira cha bulangete padali magazi ouma. Za Yohane sindidafunse, ndipo palibe adandiuza, magaziwo adanena zonse. A Kusitodiyo adabwera kudzaima pakhomo, manja m'matumba a malaya awo oyera.

Kafodya adatembenuza ndodo, n'kuloza nsapato. Ankalankhula motsitsa, ndipo Chipwitikizi chake ndinkachimva womasulira asadayambe. "Mpira uwu ndidakupatsani ndine. Ndi manja anga. Ndani wapanga?"

"Ine ndimabaya jekeseni, sinyoro," adatero a Kusitodiyo. "Za matabwa sindidziwa."

A Mestiri adapukuta manja pa thalauza. Adanyamula ndodoyo monga ankanyamulira ndodo iliyonse, kuitseka diso limodzi, kuiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Ndidaona chala chawo chachikulu chikuyenda pa misomali ya chogwirira. Yonse idapindikira kumanzere. Chalacho chidaima pamenepo n'kuiphimba. Ine sadandiyang'ane ngakhale kamodzi.

"Ndine," adatero. "Koma ntchito yake n'njonyansa. Taonani chogwirira chapendama. Ndinkafulumira, komanso maso atha."

Chogwiriracho sichidapendame. Chidali chowongoka ngati mzere wa m'buku.

"Adakutumani ndani?"

"Munthu wopanda mwendo. Onse amene amandituma ndi otero. Dzina sindifunsa."

Kafodya adatembenukira kwa ine. "Nanga uyu?"

A Mestiri adaseka, kuseka kwenikweni. "Pulofesoloyu? Zaka zinayi ndili naye, thabwa sadziwa kupala. Ntchito yake n'kutaya mitsuko ndi kutukwana odwala. Akadapanga ndiye, bwenzi munthu wanuyo atagwa pakhomo pomwe, simukadavutika kukwera phiri."

Kafodya sadaseke. Adatola nyundo, msomali ndi kathabwa, n'kuziika patsogolo panga. "Tione. Khoma."

Ana anga, pa moyo wanga wonse palibe nthawi yomwe idatalika ngati imeneyo. Ndidali ndi zaka makumi awiri. Amayi anga, a Nachisale, adali okha ndi alongo anga awiri m'kanyumba ka m'waya. Ndinkadziwa kumene anthu ofunsidwa mafunso ankapita, ndipo ndidali nditatsukapo misana ya awiri amene adabwerako. Ndinkadziwanso kuti mawu atatu okha, ndapanga ndine sinyoro, akadawabwezera a Mestiri pensulo yawo kukhutu. Mwina akadatitenga tonse. Ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zonsezi, ndipo mwina n'zoona. Koma tsiku limenelo sindidaganize za mwina. Ndidaganiza za msana wanga.

Ndidatenga nyundo ndi dzanja lamanja.

Kumenya koyamba ndidaphonya. Kwachiwiri msomali udapindika pakati n'kudumphira pansi. Asilikali adaseka. A Kusitodiyo, amene ankandiona tsiku ndi tsiku ndikulemba mayina a odwala ndi dzanja lamanzere, adayang'ana nsapato zawo. A Rozaliya pamphasa adadziphimba kumaso ndi nsalu.

"Ukudziwapo kanthu pa ndodo iyi?" adafunsa Kafodya.

"Sindidziwa kanthu, sinyoro."

Ine, amene ndinkabwezera mawu anayi pa amodzi. Pakamwa powola paja padatuluka zokhazo.

Adawamanga manja ndi luzi lomwe adalichotsa pamsomali wathu, muyezo wa munthu wina. Akutuluka a Mestiri adaima pakhomo n'kuweramitsa mutu kuti pensulo igwere pabenchi.

"Iwe Pulofesolo. A Rozaliyawo usawasiye choncho, maliza kumanga, uyambire kunsonga. Thumba la mchenga kawiri pa tsiku, ngakhale akutukwane. Mitengo ili kuseri ija ikadali yaiwisi, usaigwire mpaka mwezi utha."

"Ndamva, a Mestiri."

"Ndipo uphunzire kugwira nyundo. Ukundichititsa manyazi."

Adawakweza pa kamiyawu yomwe inkapita kum'mwera. Ndidaima pachipata mpaka fumbi lidatha, ngakhale kudalibe fumbi lenileni, kudali matope. Kenako ndidabwerera kukamaliza kumanga chitsa cha a Rozaliya. Iwo adandigwira pamkono n'kunena kuti, "Manga bwino, mwanawe. Wauzidwa."

Kuyambira pamenepo mpaka nkhondo kutha

Mawa lake a Kusitodiyo adandiuza kuti chisakasa ndi changa tsopano. Sadandiyang'ane m'maso, inenso sindidawayang'ane, ndipo tidagwira ntchito chotero mpaka mapeto. Kafodya adalamula kuti gudumu lake alichotse. Ndidayamba kudula nsapato za ndodo kuchokera ku zidendene za majombo otha. Misomali ndidayamba kuipindira kumanja, ngakhale palibe amene ankaiona. Mayi Naphiri ndinkakumana nawo pachitsime. Sadandilankhulenso mpaka kufa kwawo. Sindidziwa ngati ankandiimba mlandu wa nsapato ija kapena ankadziimba okha wa luzi lija.

Patapita milungu itatu adabwera akazi a a Mestiri, amayi Nabanda. Adali atapita kwa shefi, mkulu wa boma wa dera lathu, kanayi, kanayi konse adauzidwa kuti adikire. Adakhala pa chitsa cha mtengo pakhomo la chisakasa n'kumandiyang'ana ndikugwira ntchito. Ndidali ndikukhoma ndi dzanja lamanzere. Nditazindikira, kudali kutachedwa kusintha.

"Ndabwera kudzatenga chipewa chawo," adatero.

Ndidawapatsa chipewa, ndi nsompho, ndi pensulo. Adatenga chipewa chokha.

"Zinazo sunga. Uzinola nsomphoyo, akabwera adzaifuna yakuthwa." Adaimirira, n'kukonza nsalu. "Ankakutchula kunyumba. Ankati mnyamata uja ali ndi dzanja labwino kuposa langa, koma usakamuuze, angatupe."

Ndidafuna kulankhula. Ndidatsegula pakamwa ndithu. Iwo adakweza dzanja.

"Usandiuze kanthu, mwana wa Nachisale. Chimene adasankha mwini wake ine sindingachimasule. Gwira ntchito."

A Mestiri sadabwere. Nkhondo itatha mu 1974 akaidi ena adabwerera kwawo, ndidawafunsa mmodzimmodzi, palibe adawaonapo. Manda alibe. Waya adaudula, anthu adabalalika, positu idapsa ndi mabuku ake onse m'chipwirikiti cha masiku amenewo. A Kusitodiyo adapita kugombe la nyanja yamchere, ndidamva kuti adafera komweko. Ine adandilembanso ntchito ku Chifunde, ndipo za zaka zimenezo, ndi nkhondo yachiwiri yomwe idabweretsa zitsa zambiri kuposa yoyamba, inu mukudziwa chifukwa mudakulira pa fumbi la matabwa anga. Ndodo yosavala nsapato sidatulukepo m'manja mwanga.

Chaka chomwe ndidapuma

Kalaliki amene adawerengera zaka zanga adali mnyamata waulemu, msinkhu wa iwe Jasinta. Ndidamuuza kuti pepala lake lalumpha zaka za m'waya. Adati n'zotheka kukonza, bola pakhale kalata ya nthawi imeneyo. Ndidati idapsa. Adati ndiye pakhale munthu amene ndidagwira naye ntchito, asaine kuti adandiona. Odwala sawerengedwa.

"Palibe amene mudagwira naye, bambo?"

"Adalipo."

"Ali kuti?"

"Adakwera galimoto."

Adadikira kuti ndipitirize. Ndidatenga chipewa changa n'kutuluka.

Iwe Jasinta udati ku Mwaladzi kuli nkhalamba zambiri zomwe zingavomere kusaina kuti zidagwira nafe, ndani adzafufuze. Ndikudziwa kuti unkafuna kundithandiza. Koma pa nkhani ya chisakasa chija ndidanamapo kale kamodzi, ndi dzanja lamanja, anthu akuseka. Zakwana. Munthu yekhayo woyenera kunena kuti Atanaziyo adagwira ntchito kumeneko adaima pamaso pa tropa n'kunena kuti sindidziwa kupala thabwa, ndipo ndi chifukwa cha mawu amenewo inu mudabadwa. Umboni wake ndi umenewo, sindikufuna wina woupikisa.

Nsompho ili m'bokosi pansi pa bedi langa. Ndimainola chaka chilichonse mvula ikayamba. Ndikafa musaigulitse, ndipo musaipereke kwa munthu wofulumira. Ngongole zomwe ine ndili nazo kwa a Mestiri Mbewe palibe ofesi yoziwerengera. Zomwe ofesi ija ili nazo kwa ine n'zowerengeka, ndipo ndikuzilemba pano kuti zisatayike, osati kuti mukazitenge: zaka zisanu ndi miyezi itatu.